Zimene Anapeza M'mitsempha ya Kings

Area 23,
Lilongwe.
21 Julaye 2024

Okondedwa Achemwali a Edna,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, alamu ndi ana. Nanga Amayi ali bwanji? Miyendo ija yasiya kutupa? Pochoka kumeneko ndinawasiya akungolawa chakudya n'kukankhira mbale kumbali. Mundiuze zoona ngati ayamba kudya, musandibisire pofuna kundisunga mtima.

Kuno tilipo. Ennie ndi ana ali bwino, kupatula chimfine cha mwezi uno. Mphepo yake ikuchita kulowa m'mafupa, ndipo fumbi la mumsewu wathu lafika mpaka m'kabati. Madzi anasiya masiku anayi sabata yathayi, tinkakatunga pachitsime cha anzathu a kuseri. Dzulo abwera, koma ofiira.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndinayesa kawiri kukuimbirani. Ulendo woyamba ndinangokufunsani za mtedza n'kudula. Wachiwiri munali kuchigayo, ndipo ndinkamva anthu atasiya zawo kuti amvetsere. Nkhani iyi si ya kuchigayo. Ndapatsira a Leston, amene akubwera kumeneko Lachiwiri kudzaona soya wawo.

Ndinabwerera kusukulu. Ndimaphunzitsa, ndimachonga makope, belu likalira ndimatuluka. Minibasi ikamadutsa pa Biwi ndimayang'ana kugalaja kuja kwa malemu mng'ono wanga Kings, ndimaona galimoto zili pamiyala monga mwa masiku onse, ndipo sindimva kalikonse. Sindinalirebe. Kumanda kuja anthu ankati Pemphani ndi wolimba mtima. Si kulimba ayi. Zili ngati mkono umene waugonera. Ukuutsina, ukuona ndi maso kuti ukuutsina, koma sukumva.

Lachinayi anandiimbira Amalume a Esau. Anati mwambo wosudzula mlamu wathu Thandie, umene tinapangana kuti udzakhale pa 10 Ogasiti, uyambe waima mpaka iwo atayenda kaye. Ndinawafunsa kuti kuyenda kupita kuti. Anati ndisadzipusitse, ndinabadwira kumudzi, ndipo munthu woti akamuone amupeza kale kupitirira Malomo. Anati mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, wodzaza thupi ngati Kings, sagwa masana dzuwa likuswa mtengo popanda dzanja la munthu. Nditatchula za pepala la kuchipatala lonena chimene chinamupha, anati pepala ndi pepala, silinaonepo mfiti. Dzina la amene akumuganizira sanalitchule. Panalibe chifukwa cholitchulira.

Achemwali, ndinamva zimene munanena kuseri kwa nyumba ya siwa tsiku loika maliro. Ndinali nditapita kukatenga benchi. Munati, "Anayamba kalekale kumuondetsa mwana wa Amayi. Lero wamaliza ntchito yake." Thandie anali mkati, wayedzamira khoma lomwelo. Anamva. Sindikulemba kuti ndikudzudzuleni. Tsiku limenelo munali mutataya mlongo wanu amene munamubereka kumsana. Koma pali zinthu zimene simukuzidziwa, ndipo wolakwa ndine chifukwa ndinazidziwa n'kukhala chete. Ndiyamba pachiyambi.

Chaka cha 2022, mwezi wa Meyi, Kings anayamba kumva mutu ndi chizungulire akaweramira injini. Thandie anamukakamiza kupita kuchipatala. Kumeneko anamupeza ndi BP yokwera kwambiri, ndipo atamutenga magazi anati mafuta a m'magazi ndi ochuluka kuposa muyezo. Anamupatsa mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku. Anamuuza kuti asiye fodya, achepetse mchere ndi zonona, aziyendako pansi. Thandie anali pomwepo, ndipo mawu amenewo anawatenga ngati malamulo khumi. Anayamba kuphika nyemba, usipa wowiritsa, masamba otendera, mafuta akuyeza ndi supuni. Nyama akagula ankayamba wasenga zoyera zonse. M'mawa uliwonse ankamuikira chakudya m'kontena kuti asamakadye pachiwaya. Kings ankadandaula, amvekere m'nyumba mwake mwasanduka wodi ya odwala, koma ankadya. Fodya anasiyadi.

Pofika Okutobala anali atatsika thupi. Mimba ija inaphwa, khosi linaoneka. Mwiniwake anandiuza kuti akutha kukwera chitunda cha ku Kawale osaima, ndiponso kuti mutu wasiya. Anali bwino, Achemwali. Pa zaka khumi zapitazi, miyezi imeneyo ndi imene Kings anali bwino koposa.

Koma mukudziwa mmene anthu amaonera munthu akatsika thupi. Kugalaja anzake anayamba kumufunsa ngati ovolosi wavalayo ndi yobwereka. Wina atamuona akumeza piritsi pa nthawi ya nkhomaliro, anauza anzake kuti bwana Kings ayamba kulandira. Kasitomala wina wachikulire anamutengera pambali n'kumulangiza mwachifundo kuti asachite manyazi, masiku ano anthu akukhala nako zaka zambiri. Kings ndi Thandie anapita limodzi kukayezetsa, onse anapezeka alibe kachilombo, ndipo iye ankayenda ndi kapepalako m'thumba la pachifuwa mpaka kanada ndi girisi. Koma pepala sungamaonetse aliyense wodutsa pamsewu.

Kenako inafika Khrisimasi ija tinabwera tonse. Mukukumbukira. Amayi atamuona akutsika pa kabaza sanamupatse moni. Anamugwira pamkono, kukhala ngati akuyeza, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Tinkawamva akulira. Atabwerako anaitana Thandie n'kumufunsa anthu onse akumva ngati mwana wawo anamupereka ali choncho. Thandie anayamba kufotokoza za kuchipatala, koma azakhali anamudula, amvekere akazi a m'tauni amamana amuna awo ndiwo n'kumanamizira madokotala. Tsiku limenelo tinagula nkhumba ya a Leston. Inu munasankha nthuli zonona zokhazokha n'kumuikira m'mbale, n'kuthira ndi mafuta a pansi pa poto. Kings anadya zonse, akuseka, osayang'ana kumene kunakhala mkazi wake.

Pobwerera, tikudikira minibasi pa Mponela, anandiuza mawu amene ndakhala ndikuwamva tsiku lililonse mwezi uno. Anati, "Achimwene, bola kufa ndi mtima kusiyana ndi kuyenda anthu akukuika m'manda ndi maso." Ine ndinaseka. Ndinaona ngati ndi nthabwala zake zija.

Kuchokera pamenepo anabwerera pachiwaya. Chakudya cha m'kontena ankadya ndithu, kuopa kukhumudwitsa mayi wa kunyumba, koma pamwamba pake ankaonjezera tchipisi ndi nyama ya nkhumba, ndipo madzulo mang'ina. Fodya anayambiranso. Mapiritsi anasiya kumwa pagulu, kenako anasiyiratu. Thandie ankamukulungira piritsi m'kapepala n'kumuikira m'thumba, ndipo pochapa Loweruka ankawapeza asanu ndi limodzi, atasungunuka. Anakangana, analira, anakauza ankhoswe. Ankhoswe anati munthu wamkulu sakakamizidwa kumwa mankhwala asakudwala.

Tsono pano ndinene za ine. Loweruka lililonse ndikaweruka ndinkatsika pa Biwi kukacheza naye, ndipo tinkaima pachiwaya tonse awiri. Ndine amene ndinkamuuza wokazingayo kuti amuikire mng'ono wanga zonona, abwerere m'thupi, Amayi agone tulo. Ine amene m'nyumba mwanga mabuku afika kudenga. Ndinali nditawerengapo za matenda a mtima, ndinkadziwa, koma ndinkaona ngati zimenezo ndi za azungu ndi mabwana a ku Area 10, osati za makaniko wa kwathu ku Ntchisi. Pa Isitala ovolosi inali itamukwananso. Ndinamujambula ndi foni n'kukutumizirani, ndipo munandiuza kuti Amayi ataona anati tsopano ndiye mwana wawo. Tonse tinakondwa. Amene sanakondwe anali mmodzi yekha.

Za tsiku lenilenilo munamva zidutswazidutswa. Linali Lachiwiri, pa 18 Juni. Anadya mpunga wa nyemba umene Thandie anamuikira, kenako analowa pansi pa galimoto. Patapita kanthawi anatuluka ali thukuta kamukamu, kunja kukuzizira, akuti pachifuwa pakulemera ngati amusanjika giyabokosi, ndipo mkono wamanzere wachita dzanzi. Anzake anati ndi chilungulira, anamugulira chakumwa cha mpweya kuti ageye. Anamwa theka, anakhala pa tayala, n'kugwera kumbali. Anamunyamula pa galimoto ya kasitomala, koma pofika kuchipatala chachikulu anali atatisiya kale. Ine anandiitana ndili m'kalasi. Ndikukumbukira kuti ndinamaliza kaye chiganizo chimene ndinkalemba pabolodi, n'kuika choko m'bokosi, kenako n'kutuluka. Mpaka pano sindidziwa chifukwa chake.

Kuchipatala ndinapeza anzake a kugalaja ataima kagulu, akunong'onezana. Mmodzi anali atanyamula kontena lija m'jumbo, mpunga wotsala uli momwemo. Thandie analiona. Sanalire nthawi imeneyo. Anabwera pamene ndinaima n'kundiuza chapansipansi kuti, "Alamu, amupime. Apime ndi chakudyacho. Ndikudziwa zimene zikubwera." Ndi chifukwa chake thupi linachedwa ndi tsiku limodzi, Amalume n'kukwiya kuti tamung'ambitsa mwana popanda kuwafunsa. Anapempha ndi Thandie, ine ndinangosayina. Taganizani nokha ngati munthu wothira tameki m'chakudya angapemphe zimenezo.

Zotsatira zonse zinatuluka pa 9 Julaye, ndipo ndinapita ndekha kukatenga. M'mimba mwake, m'magazi mwake ndi mu mpunga muja sanapezemo poizoni wa mtundu uliwonse. Dokotala amene anamupima ndi bambo wa imvi, wa kumpoto, wolankhula Chichewa chapang'onopang'ono. Ataona kuti ndangoima ndi pepala m'manja osachoka, anandikokera mpando. Funso lake loyamba linali lakuti bambo athu anamwalira bwanji. Ndibwereranso ku zimenezo.

Anatenga envulopu n'kuyamba kujambula kuseri kwake. Anati mtima, ngakhale ndi umene umapopa magazi a thupi lonse, nawonso umadya, ndipo uli ndi timitsempha take touthirira magazi, tating'ono ngati kachubu ka inki ka m'bolopeni. Mwa Kings timitsempha timeneti tonse tinali titapanikizika mkati. Pena panali pouma moti sizasi podula inkamveka ngati ikudula chikamba cha dzira. Pamalo amodzi chotupa cha mafuta chinang'ambika, magazi anaundana pomwepo n'kutseka njira, ndipo mbali ina ya mtima inasowa magazi. Chimene chinachitika pagalaja paja ndi chimenecho.

Ndinamufunsa ngati zimenezi zingabwere ndi chinthu chimene munthu wadya tsiku lomwelo, kapena chaka chomwecho. Anapukusa mutu. Anati kuuma kumene anakuonako kumatenga zaka makumi awiri kapena kuposerapo. Anati matendawa sayamba ngati matenda. Amayamba ngati timizere tachikasu, tosalala, m'khoma la mtsempha. Mafutawo sakhala m'njira ya magazi ngati zinyalala mu paipi ayi. Amalowerera pansi pa kakhungu ka mkati n'kukhazikika m'khoma momwemo. Anati iye amationa timizereti ngakhale mwa achinyamata a zaka khumi ndi zisanu amene afa pa ngozi za pamsewu, ena oonda ngati bango. Pa msinkhu umenewo sititseka kanthu, sitipweteka, munthu amathamanga mpira bwinobwino. Anthu ambirimbiri ali nato, ndipo ambiri amakalamba n'kufa ndi zina. Koma mwa ena timakula chaka ndi chaka, timatupa, timauma. Zimene zimatikulitsa ndi BP, fodya, shuga, mafuta ochuluka m'magazi, ndiponso mtundu umene munthu wabadwiramo.

Pamene ankalankhula ndinakumbukira mmene Kings ankayenderera galimoto imene munthu akufuna kugula. Penti ili waliwali, iye n'kumagogoda ndi chala m'munsi mwa zitseko, kenako n'kunena kuti iyi yadyeka kale, dzimbiri lili pansi. Mwini galimoto ankakwiya chifukwa kunja sikunkaoneka kanthu.

Ndinatuluka panja, ndinakhala pa kakhoma ka maluwa, n'kuyamba kuwerengetsa zaka chobwerera. Zaka makumi awiri zapitazo Kings anali pa Mponela, akuphunzira kumata matayala, akusuta ndudu zoyamba kuseri kwa shedi. Ngati timizereto tinayamba kale kuposa pamenepo, ndiye kuti anali adakali kwathu, akudya m'mbale imodzi ndi ine. Nthawi imeneyo Thandie anali ku pulayimale kwawo ku Nathenje, Sitandade 6, asakudziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli munthu dzina lake Kings. Anakumana mu 2012. Chimene chinapha mlongo wanu chinalowa m'thupi mwake mkazi wake asanalowe m'nyumba mwake. Mwa zonse ndalemba m'kalata muno, mawu amenewa ndi amene ndikufuna muwagwire.

Ndinabwereranso mu ofesi muja chifukwa mafunso anali asanathe. Ndinamuuza dokotala za kaphikidwe ka Thandie ndi mapiritsi aja. Anati mayiyo ankakokera kumbali yoyenera. Sakanalonjeza kuti Kings akanakhala ndi moyo mpaka imvi, koma mwina akanaonjezera zaka. Kenako ndinamuuza za Khrisimasi ija, ndi za Loweruka langa la pachiwaya. Ndikuganiza kuti ndinkafuna andiuze kuti ndine ndinamupha, kuti mwina ndimveko kanthu. Sanandipatse zimenezo. Anati zinthuzo sizinathandize, makamaka kusiya mankhwala ndi kubwerera ku fodya, koma nkhumba imodzi singachite zimene anaziona. Anati anthu ambiri amabwera mu ofesi mwake kufuna dzina la munthu, ndipo iye amakhala alibe.

Amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimbako, Achemwali, kamodzi, mu Meyi muja. Amene anamva anali Thandie. Enafe tinati asokosa.

Tsono za Abambo. Nditamuuza dokotala kuti anagwa kudimba ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, atanyamula makheni awiri a madzi, atagwira pachifuwa, anangogwedeza mutu n'kulemba. Anati sangatsimikize za munthu amene sanamupime, koma nkhani yake ikufanana. Inu munali wamkulu mu 1998, mukukumbukira bwino kuposa ine. Nthawi imeneyonso akuluakulu anayenda. Anabwerako ndi dzina la a Zefaniya, msuweni wawo wa Abambo, chifukwa cha mkangano wa malire a dimba. A Zefaniya anakhala zaka khumi ndi ziwiri m'mudzi momwemo popanda wa kwathu wowapatsa moni. Atamwalira sitinapite. Ana awo, amene tinkasewera nawo, mpaka lero akationa amapatuka. Masiku ano ndimawaganizira kwambiri bambo amene aja, mmene ankakhalira okha pakhonde akusoka mphasa. Woombeza sabweza munthu chimanjamanja. Amalume akapita, adzabwerako ndi dzina, ndipo dzinalo tonse tikulidziwa kale chifukwa alinyamula okha popita.

Dokotala anati abale a mimba imodzi tikayezetse. Ine ndinapita. BP yanga ndi yokwera, mafuta a m'magazi ndi ochuluka ngati a malemu. Andipatsa mapiritsi, ndipo ndikumwa poyera mu sitafurumu, aliyense aganize zimene akufuna. Ennie wayamba kuphika ngati Thandie, ndipo anachita kupita ku Kawale kukafunsa. Ndiye mukadzandiona nditatsika thupi, musadzamuitanire kuseri mkazi wanga. Inunso muyenera kukayezetsa, koma zimenezo ndidzakuvutitsani nazo pamaso. Si pempho la kalata ino.

Thandie ali m'nyumba muja ku Kawale ndi mwana wawo Tisunge. Ndimapitako Lachitatu ndi Lamulungu. Nkhani ya kontena ija inachoka kugalaja n'kufika m'makomo. Mukudziwa kuti ankagulitsa zitumbuwa ndi thobwa pageti la sukulu. Sabata yapitayi anayesa kuyambiranso. Masiku atatu anabwerera ndi beseni lodzaza, ndipo mayi wina anamenya mwana wake pamaso pake chifukwa chotambasula dzanja. Tsopano wasiya. Ndinamupeza atakhala pakhonde, beseni lili pambali, akugawira nkhuku za eni nyumba. Sanadandaule. Anangondifunsa kuti akanamusiya Kings kuti azidya zimene akufuna, bwenzi anthu akunena chiyani lero. Tisunge anafunsa mayi ake kuti tameki n'chiyani, chifukwa anzake a m'kalasi akumutchula choncho.

Anthu a ku Kawale akuyang'ana kwa ife. Pepala la kuchipatala ndinakaonetsa kugalaja, ndinaonetsanso abusa ndi amayi a Chigwirizano a kumpingo kwake. Ena anamva. Koma ambiri akuti tione kaye akuchimuna achita chiyani. Tikamusudzula pa tsiku lake, mwaulemu, nkhaniyi izizira yokha. Tikaimitsa, Amalume n'kuyenda, ndiye kuti ife eni maliro tasayina kuti mkaziyu anapha mwamuna wake. Sadzagulitsanso chitumbuwa mumzinda muno, ndipo Tisunge adzakula ndi dzina limenelo. Mwana ameneyu ndi yekhayo amene Kings watisiyira.

Pempho langa ndi limodzi. Amalume samva ine, amati sukulu inandiononga. Amamva Amayi, ndipo Amayi amamva inu. Kalankhuleni nawo kuti ulendo wa kupitirira Malomo ulekeke, tsiku la 10 Ogasiti likhale momwemo. Ndipo Thandie akadzatsika, chikwama chake mudzalandire ndinu, anthu akuona. Sindikunena kuti mupepese ndi pakamwa, ndikudziwa kuti inu ndi ine sitinaleredwe choncho. Kulandira chikwama n'kokwanira, aliyense adzamva.

Ndaikamo fotokope ya pepala la kuchipatala. Lili m'Chingerezi cha madokotala, chimene ngakhale ine ndinachita kufunsa. Musakhulupirire ine ndekha. Pitani nalo kwa adokotala a pachipatala chathu chaching'ono, kapena kwa alangizi a zaumoyo, akuwerengereni ndi kukumasulirani. Ngati Amalume angalole, mupite nawo.

Amayi musawawerengere kalata yonseyi. Za Khrisimasi zija mudumphe. Iwo ankadyetsa mwana wawo monga anadyetsera tonsefe, pa zaka zimene kunenepa kunali umboni woti munthu wapulumuka. Anaika abale awo angati ataonda, zaka za m'ma 90 zija? Ataona mkono wa Kings anaona manda, ndipo sindingawaimbe mlandu. Inunso sindikukuimbani mlandu. Inu munamuikira zonona tsiku limodzi, ine chaka ndi theka. Muwauze zokhazi, kuti nthendayo inayamba kalekale ali mnyamata, kuti mwina ndi yomwe inatenga Abambo, ndiponso kuti mpongozi wawo ndi amene analimbana nayo yekha.

Mundiyankhe kudzera mwa a Leston, abwerera Loweruka. Ngati kulemba kukuvutani, mungondiimbira n'kunena kuti tsiku lili momwemo, ndidzamva.

Mupereke moni kwa Amayi, muwauze kuti bulangete lija ndidzabwera nalo. Moni kwa alamu, kwa Amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu onse. Mukakumana ndi aliyense wa ana a a Zefaniya, mumupatse moni wanga, ngakhale asayankhe. Ennie ndi ana akupereka moni kwa nonse.

Lero masana nditachoka kutchalitchi ndinadzera ku Kawale. Ndinamuuza Thandie kuti ndikukulemberani, ndipo sindinamubisire zimene Amalume anena. Ndinamuuzanso kuti ngati akuopa, akhoza kukhala, abale ake a ku Nathenje ndi ine tikamuimirira. Kenako ndinamufunsa ngati ndilembe moni wake. Anayamba kupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje. Pomaliza anati, "Moni ndikapereka ndekha. Alembereni kuti ndibwera, asudzule asasudzule. Ndikufuna ndikaone pamene anagona mwamuna wanga."

Ndiye ndalemba. Tidzanyamuka ndi minibasi yoyamba, ine, iye ndi Tisunge. Tidzafika cha m'ma 11 koloko.

Ndine mlongo wanu,
Pemphani